Mafupa a M'mgodi ndi Kabuku ka Kapitawo

Chaka china, chilimwe chili pakati, kumudzi kwathu kuno ku Vubwi kudabwera chigalimoto cha anthu oboola mijigo. Aliyense amene adaonererapo ntchito imeneyi amakumbukira phokoso ndi fumbi, koma ndi ochepa amene adapenyetsetsa zomwe kapitawo ankachita cha pambali. Chitsulo chikalowa pansi mamita angapo, iye ankatapa zonyenyeka zotuluka m'dzenjemo naziunjika pa mzere, kamulu ndi kamulu, ngati mayi woyala tomato pamsika. Kamulu koyamba kadali dothi lofiira lomwe timalimali, kotsatira kotuwa ndi konyezimira, kenaka timiyala toswekasweka, ndipo pomalizira fumbi la thanthwe louma gwa. Kamulu kalikonse ankakalemba m'kabuku. Madzi atatumphuka amayi adalulutira, chigalimoto chidanyamuka, ndipo pofika m'mawa mwake mbuzi ndi ana adali atamwaza timilu tonse. Kabuku kaja kadapita ndi mwini wake.

Patapita zaka zingapo kampani ina idadzaboola kumudzi woyandikana nafe, ndipo idaboola kawiri konse osapeza madzi. Sitinganene motsimikiza kuti kabuku ka kapitawo woyamba uja kakadawapulumutsa ku chitayiko chimenechi. Chomwe tikudziwa nchakuti munthu wina adali ataona kale za pansi pa dera lathu, nazilemba bwinobwino, koma amene adabwera pambuyo pake adayambanso ngati akhungu.

Takumbukira nkhaniyi chifukwa cha dandaulo la akatswiri ophunzira mafupa, masamba ndi zigoba zakalekale zomwe zidasanduka miyala. Iwo ali ndi nzeru zowerengera zimene miyala ikunena, koma alibe ndalama zokumbira mozama. Makampani a migodi, a mafuta ndi a misewu ali ndi makina ong'amba mapiri tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo amayamba kuona zobisika, koma maso awo ali pa chuma china. Wina ali ndi khasu, wina ali ndi mbewu. M'dziko lathu la Zambia tidaona kale zimene zimachitika awiriwa akalephera kuyankhulana pa nthawi yake, ndiponso zimene zimachitika akagwirizana.

CHIGAZA CHA KU KABWE

Pa 17 June 1921, mu mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Broken Hill, komwe lero timati ku Kabwe, mzungu wina wa ku Switzerland dzina lake Tom Zwigelaar ankagwira ntchito pamodzi ndi munthu wakuda pansi pa phanga lina. Adafukula chigaza cha munthu, koma chosafanana ndi chathu: chipumi chotsetsereka, mafupa a pamwamba pa maso otukuka kwambiri, mano ambiri obooka. Dzina la mzunguyo lili m'mabuku a dziko lonse lapansi. Dzina la mnzake wakuda uja palibe amene adalilemba, ndipo ichi chokha chikutiuza mmene zinthu zinkayendera masiku amenewo.

Tiyenera kuwayamikira akuluakulu a mgodiwo pa chinthu chimodzi: sadachitaye chigazacho. Adachitumiza ku London, ku nyumba yosungiramo zachilengedwe, kumene katswiri wina, Arthur Smith Woodward, adachipatsa dzina loti Homo rhodesiensis chaka chomwecho. Chidali chigaza choyamba cha mtundu umenewu kupezeka mu Africa. Koma phangalo lidali litadziwika zaka zoposa khumi m'mbuyomo kuti ndi lodzaza ndi mafupa a nyama, ndipo popeza mafupawo adali atalowereredwa ndi mtovu ndi zinki, ambiri ankangoponyedwa m'ng'anjo pamodzi ndi miyala ina. Chigaza chitapezeka, kukumba kudapitirira. Padalibe katswiri wa mafupa pamalopo woti ayeze ndi kulemba kuti chidagona motani, pa dothi lanji, pafupi ndi chiyani. Katswiri wa ku America, Aleš Hrdlička, adafika ku Broken Hill mu 1925, patatha zaka zinayi, ndipo adachita kufunsa anthu mmodzimmodzi zomwe ankakumbukira. Mboni sizidagwirizane pa zonse. Kaphiri komwe kadali ndi phangalo kadakumbidwa konse, ndipo pamalopo padatsala chidzenje.

Mwina wina afunsa kuti, nanga vuto lili pati, poti chigazacho chilipo? Vuto ndi lakuti fupa lochotsedwa pamalo pake lili ngati kalata yopanda tsiku ndi keyala. Zaka za fupa zimadziwika makamaka poona dothi lomwe lidalikwirira, ndi zinthu zina zomwe zidagona nalo limodzi. Chifukwa cha kusowa kwa umboni wotere, kwa zaka pafupifupi 100 akatswiri ankangoyerekeza, ambiri nkumati chigazacho chili ndi zaka 500,000. Mpaka mu 2020 ndi pamene gulu la Rainer Grün ndi Chris Stringer, pogwiritsa ntchito makina atsopano oyezera fupa lenilenilo, lidalengeza kuti zaka zake ndi pafupifupi 299,000. Koma mafunso ena, monga akuti kodi mafupa ena a anthu opezeka mumgodimo adali a munthu yemweyo, ndi kuti anthuwo ankakhala motani m'phangamo, mayankho ake ambiri adapita ndi phiri lija. Mgodi udatsekedwa mu 1994. Chigaza chikadali ku London, ngakhale kuti boma la Zambia lakhala likupempha kuyambira zaka za m'ma 1970 kuti chibwerere kwawo. Ana athu a sukulu akapita ku Livingstone Museum amaona chofanizira chabe.

MMENE MIYALA IMAWERENGEDWERA

Pano tiime pang'ono, chifukwa ena mwa awerengi athu akamva za zaka zikwi mazanamazana mtima umawagunda, poganiza kuti nkhani zotere nzotsutsana ndi chikhulupiriro. Munthu amene adayala maziko a maphunziro amenewa adali mwana wa Mpingo. Nicolas Steno, wa ku Denmark, adatumbula mutu wa nsomba yaikulu ya shaki mu 1666, naona kuti mano ake ndi ofanana ndi timiyala tina tomwe anthu ankatola m'mapiri. Mu 1669 adalemba mfundo yomwe mayi aliyense wozira nyumba angaimvetse: dothi loyamba kuikidwa limakhala pansi, lobwera pambuyo limakhala pamwamba. Pambuyo pake Steno adakhala wansembe, kenaka episkopi, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamutcha Wodala mu 1988.

Wachiwiri woyenera kumutchula sadali wa pa yunivesite konse. William Smith, wa ku England, ankagwira ntchito yoyeza malo okumbapo ngalande ndi migodi ya malasha. Poyenda m'maenje a mabwana ake adazindikira kuti mtundu uliwonse wa thanthwe uli ndi zigoba zakezake, kotero kuti ukadziwa zigobazo ungathe kulizindikira thanthwe lomwelo ngakhale kutali kwambiri. Mu 1815 adatulutsa mapu a miyala ya dziko lake. Choncho nzeru imeneyi idabadwira m'dzenje la kampani, ndipo mpaka lero makampani ofuna mafuta ndi malasha amaidalira. Akaboola pansi amatulutsa ndodo za mwala zobulungira ngati minsi, naziika m'mabokosi motsatana ndi kuya kwake. M'miyala imeneyi mumapezeka mungu wa zomera zakale ndi tizigoba tosaoneka ndi maso, ndipo akatswiri a kampani akatiyang'ana pa makina okulitsa zinthu amadziwa msinkhu wa thanthwe lomwe afikapo, nkuweruza ngati nkoyenera kupitiriza kuboola kapena kuleka. Zonsezi zimalembedwa, koma kawirikawiri zimatsekeredwa m'kabati ya kampani, monga kabuku ka kapitawo wathu uja.

CHUMA CHA M'CHIGWA CHA LUANGWA

Ife a kuno Kum'mawa tikamva za Luangwa timaganiza za njovu, mvuu ndi alendo odzaona nyama. Ndi ochepa amene amadziwa kuti pansi pa chigwacho pagona nyama zina zomwe zidakhalako kale kwambiri njovu zisadaoneke. Miyala ya kumeneko idapangika kuchokera ku matope a m'nyanja ndi m'mitsinje yakale, ndipo matope amasunga mafupa. Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, adayendera kumtunda kwa chigwachi natolako mafupa nkhondo yachiwiri isadayambe. Ndi Dixey yemweyu amene dzina lake lili pa chinyama chachikulu cha ku Karonga m'dziko la Malawi, chotchedwa Malawisaurus dixeyi.

Chitsanzo chimene chimatikondweretsa kwambiri ndi cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. A. R. Drysdall adali wantchito wa nthambi ya boma yoyeza miyala, yomwe ntchito yake yeniyeni ndi kudziwa pomwe pali chuma cha pansi. Iye sadadziyese wodziwa zonse. Adagwirizana ndi James Kitching wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, munthu wodziwika kuti adali ndi diso lakuthwa pa mafupa. Wina ankadziwa mndandanda wa matanthwe, wina ankadziwa zinyama, ndipo mu 1963 adatulutsa lipoti limodzi lofotokoza kuti fupa lakuti lidapezeka pamalo akuti, m'thanthwe lakuti. Chaka chomwecho nyama ina yopezeka kumeneko idatchedwa Luangwa drysdalli, dzina la mtsinje wathu ndi la woyeza miyala uja. Chodabwitsa nchakuti mbale wake wa nyamayi adapezeka ku Brazil, kutsidya kwa nyanja ya mchere, natchedwa Luangwa sudamericana mu 2004. Nyama yoyenda pamtunda siikadasambira nyanja yonseyo. Uwu ndi umodzi mwa maumboni akuti kale Africa ndi South America lidali dziko limodzi.

Chifukwa chakuti Drysdall ndi Kitching adalemba malo mosamala, obwera pambuyo sadayambirenso ngati akhungu. Kuyambira 2009 gulu lotsogoleredwa ndi Kenneth Angielczyk wa ku Field Museum mu mzinda wa Chicago ndi Christian Sidor wa ku yunivesite ya Washington lidayamba kubwera m'chigwachi, mogwirizana ndi bungwe lathu losamala za makolo ndi zachilengedwe la National Heritage Conservation Commission. Chomwe chimawakoka nchachikulu. Zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo kudagwa chipululutso choopsa koposa zonse, chomwe chidatha mitundu yochuluka ya zamoyo, ndipo m'chigwa cha Luangwa muli miyala ya nthawi ya tsokalo lisadagwe ndi ina ya pambuyo pake. Malo otere ndi owerengeka pa dziko lapansi. Mu 2013 adalengeza za nyama ina, msuweni wa madayinoso, yomwe adaitcha Lutungutali sitwensis potengera mawu a Chibemba ndi mudzi wa Sitwe. Chaka chomwecho, kutsidya kwa nyanja ku Niassa m'dziko la Mozambique, akatswiri ena adatcha kanyama kawo Niassodon mfumukasi. Mawu omalizawo sitifunika kuwamasulira kwa munthu wa kuno.

Komabe akatswiri oyenda pansi amaona zokhazo zimene mvula yakokolola. Zakuya zimadziwika ndi oboola. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya ku America yotchedwa Placid Oil idafunafuna mafuta m'chigwa cha Luangwa, ndipo idaboola zitsime ziwiri zakuya. Mafuta ogulitsa sadapezeke, kampani idachoka. Kwa eni ndalama kudali kuluza. Koma mu 1995 akatswiri atatu, Banks, Bardwell ndi Musiwa, adasindikiza nkhani yofotokoza kapangidwe ka pansi pa chigwachi potsamira pa zomwe zidapezeka pa kufufuzako, ndipo amene akuphunzira za Luangwa amaitchulabe. Chitsime chouma kwa wamalonda chidasanduka chitsime cha madzi kwa wophunzira, kokha chifukwa zolembedwa zidatuluka m'kabati.

CHIMAWALEKANITSA NCHIYANI?

Tisafulumire kuwaweruza a makampani. Kuboola dzenje limodzi lakuya kumadya ndalama zomwe mudzi wathu wonse sungazione pa moyo wake, ndipo amene walipira safuna kuti wopikisana naye akolole pomwe sadalime. Palinso mantha ena: kapitawo akanena kuti wapeza mafupa, ntchito ingaimitsidwe, makina a ngongole nkukhala chiimire, malipiro a antchito nkuchedwa. Kwa munthu wotere nkwapafupi kukankhira fupalo ku mulu wa zotaya nkukhala chete.

Nawonso ophunzira ali ndi milandu yawo, ndipo pa iyi ife sitiwanyengerera. Kangati adatenga zinthu kupita nazo kunja osabweza? Kangati adalemba zotsatira m'Chingerezi chovuta, m'mabuku odula omwe ngakhale mphunzitsi wa sekondale ku Katete kapena ku Sinda sangawapeze? Kangati adaiwala kutchula munthu amene adawalozera malo? Amene wapatsidwa mbewu ndi mnzake amayenera kubwera ndi lichero pa nthawi yokolola. Ngati akatswiri afuna kuti kampani iwatsekulire mabokosi ake, ayenera kufika msanga akaitanidwa, kugwira ntchito mosachedwetsa anzawo, kusunga chinsinsi cha malonda pa nthawi yomwe agwirizana, ndi kubweza kwa kampaniyo zimene apeza, pakuti kudziwa msinkhu wa thanthwe kumaithandizanso kampaniyo kulondola mzere wa malasha.

Kuti zimenezi nzotheka tikuziona ku Canada. Mu March 2011 Shawn Funk, woyendetsa chimakina chokumba pa mgodi wa kampani ya Suncor m'chigawo cha Alberta, adaona mwala wa maonekedwe achilendo. Adaimitsa chimakina nauza kapitawo wake, kampani idaitana akatswiri a ku Royal Tyrrell Museum, ndipo antchito a mgodi adathandiza kuutulutsa. Mkati mwake mudali dayinoso ya zaka pafupifupi 110 miliyoni, yosungika bwino kotero kuti khungu lake la mamba ndi chakudya chake chomaliza zidali zikadalipo. Mmisiri wina, Mark Mitchell, adatha maola oposa 7,000 akuchotsa mwala pang'onopang'ono, ndipo mu 2017 nyamayo idatchedwa Borealopelta markmitchelli. Mgodi sudagwe chifukwa cha masiku omwe adaima pa ngodya imeneyo. Kusiyana kwa Alberta ndi Kabwe sikudali pa nzeru za wokumba. Onse awiri adaona, onse awiri adanena. Koma ku Alberta woyendetsa makina ankadziwa kuti pali woti amuitane, ndipo woitanidwayo adafika dothi lisadasokonezeke.

Tikaganiza za migodi ya malasha ya ku Maamba kumwera kwa dziko lathu, ndi ya ku Moatize kufupi ndi Tete, kumene makina amang'amba miyala ya mtundu womwewo wa ku Luangwa, momwe mumapezeka masamba a mitengo yakale yotchedwa Glossopteris, timadzifunsa kuti ndi masamba angati a buku limeneli amene amapita ku mulu wa zotaya dzuwa lisadalowe. Sizingatheke kusunga zonse, ndipo palibe akupempha zimenezo. Chopemphedwa nchochepa: kuti bokosi la miyala yoboola lisatayidwe kampani ikamachoka koma liperekedwe ku nthambi ya boma yoyeza miyala ku Lusaka, kuti zolembedwa zitsekulidwe nyengo ya chinsinsi ikatha, kuti ophunzira a ku yunivesite ya Zambia aloledwe kulowa m'dzenje ndi kuyang'ana khoma lisadagumulidwe.

NANGA IFE A KU VUBWI?

Kunena zoona, m'mapiri athu ano simuyembekezeka mafupa a madayinoso. Miyala ya kuno njakale koposa, ndipo idaphikidwa ndi moto wa pansi pa dziko mpaka chilichonse chomwe chikadakhalamo chidafafanizika. Nchifukwa chake kuno kumamveka za golide, osati za malasha. Koma mapanga ndi madambo athu ali ndi mbiri yawo. Ku phanga la Kalemba, m'boma la Chadiza lomwe Vubwi idali mbali yake kale, David Phillipson adakumba mu 1971 napeza zida za miyala, mafupa a nyama ndi a anthu, zosonyeza kuti anthu adakhalapo pamenepo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Adakumbanso ku Makwe, m'dera la Katete. Phanga lotere wofuna golide angalisokoneze pa sabata imodzi.

Ndiponso amene amagwira fosholo m'migodi ndi m'misewu ya dziko lino ndi ana athu omwe. Ena ali m'maenje a golide konkuno, ena akuyendetsa makina ku Copperbelt ndi ku Solwezi, ena adawolokera ku Tete. Mnzake wa Zwigelaar wa masiku ano angathe kukhala mnyamata amene tidamuphunzitsa katekisimu. Lamulo la 1989 lokhazikitsa National Heritage Conservation Commission lidanena kuti wopeza chinthu chakale chotere adziwitse bungweli ndi kuyamba waimitsa ntchito pamalo pomwe wachipezapo, ndipo kuchitulutsa m'dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Mnyamata wotere safunika digiri. Achisiye chinthucho pomwe chili, achijambule ndi foni ataika khasu kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke, alembe tsiku, malo ndi kuya kwake, ndipo auze kapitawo ndi mfumu ya dera. Alembenso dzina lake, ndi la aliyense amene adali naye. Pa mfundo yomalizayi tikuumirira dala, pokumbukira munthu wa ku Kabwe uja.

Tikudziwa kuti pali ogula oyendayenda amene amalonjeza ndalama pa mwala uliwonse wachilendo, ndipo munthu wa njala savuta kumunyengerera. Pa ichi tilibe yankho lofewa. Tingoti fupa logulitsidwa mseri limataya keyala yake, ndipo wogulitsayo amalandira ya sopo pa chinthu chimene mudzi wake ukadatchuka nacho, monga Sitwe adalowera m'mabuku a dziko lonse.

Mjigo wathu uja udatumikira zaka zambiri, kenaka udayamba kutulutsa matope, ndipo kudabwera oboola ena. Ulendo uno a komiti ya madzi adamupempha kapitawo kuti awalole kukopera zomwe ankalemba. Poyamba adadabwa, nafunsa ngati tikufuna kukamunenera kwa mabwana ake. Atamva cholinga chathu adaseka, nakhala pansi pa mtengo wa mango, nayamba kutiwerengera mzere ndi mzere, mlembi wa komiti akulemba m'kope la mwana wa sukulu: pomwe dothi lofiira lidathera, pomwe mwala wofumbutuka udayambira, pomwe chitsulo chidakumana ndi mng'alu wa madzi. Kopelo lili m'bokosi la komiti, pamodzi ndi buku la zopereka ndi sipanala yokonzera mjigo. Mwezi wathawu anthu a mudzi wa kutsidya kwa dambo adatuma mnyamata pa njinga kudzalibwereka.